Kadengu ka a Mukhuna

Loweruka lapitali tinali ku Khwethemule kukaona chiliza cha apongozi anga, a Layisoni Mukhuna. Patha chaka chathunthu chiwaikireni m'manda. Abusa analalikira bwino, akuluakulu a mpingo anayamikira kuti malemuwa sankajomba ku mapemphero, ndipo wachibale wina anawerenga mbiri yawo papepala. Nkhani ya galimoto inatenga mzere umodzi wokha: akuti atapuma pa ntchito anapanga kagalimoto kakang'ono. Anthu anagwedeza mitu, wowerengayo n'kupitirira kutchula maina a zidzukulu. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala mtima ukundiwawa, chifukwa mzere umodziwo unadya zaka zisanu ndi chimodzi za moyo wawo, unawathyola phewa, ndipo unatsala pang'ono kuthetsa banja la anthu amene anakalambira limodzi. Zambiri mwa izo ndinaziona ndi maso anga, choncho ndati ndizilembe.

Ine ndine dalaivala wa malole, ndipo ndinakwatira mwana wawo wachiwiri, Esinala. Tsiku limene ndinakaonekera koyamba pakhomo pawo, ankhoswe ali kalikiliki ndi zokambirana, bambowa anangokhala pakona ngati nkhaniyo sikuwakhudza. Onse atamaliza kulankhula m'pamene anandiyang'ana.

"Ndamva mumayendetsa lole ya pa esiteti. Mukamatsika chitunda cha ku fakitale mutadzaza tiyi, mumadalira chiyani, mabuleki kapena giya?"

"Giya, bambo. Mabuleki amatentha."

Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Fanuwelo, awa mwana wathu sadzamupha. Apatseni madzi akumwa."

Kufunsidwa kwanga konse kunathera pomwepo.

Anagwira ntchito ya umakaniko mu galaja ya pa esiteti mpaka imvi zitadzaza mutu. Sukulu analekezera sitandade faifi. Makolo awo anachokera ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi, ndipo iwo anayamba ndi kutsuka zitsulo m'beseni la palafini, mpaka anafika poti thirakitala ikamakwera phiri kutali, iwo ali m'galaja, ankadziwa ndi khutu lokha kuti ndi iti ndiponso chikuivuta n'chiyani. Anakonza magalimoto a mamanijala onse amene anadutsa pa esiteti ija, koma yawoyawo sanakhalepo nayo. Ankayenda pa njinga yakapalasa yakuda imene sinkalira paliponse, moti ankakudzidzimutsa atakufika kale kumbuyo.

M'thumba la jekete munkakhala tepi yoyezera, ngakhale Lamlungu. Anayezapo mabenchi a m'tchalitchi n'kukauza akuluakulu a mpingo kuti anthu amasinza pa ulaliki chifukwa mabenchiwo ndi otsika ndi zala zitatu, osati chifukwa cha Satana. Bawuti ikakana kumasuka ankaikalipira m'Chilomwe, ati Chichewa n'chaulemu kwambiri, chitsulo sichimva. Sankakondwa ndi munthu wongonena kuti chinthu chili bwino. Ankafuna uwauze kuti chili bwino pati, nanga chatsala n'chiyani. Pa ichi anali ovuta kukhala nawo. Mkazi wanga amati ngakhale ukhoze mayeso kuposa kalasi yonse, bambo ankayamba ndi kufunsa za funso limene unalakwa. Khalidweli sanalisiye mpaka kumapeto. Sabata yomwe anamwalira, maso atasiya kale kuona, namwino akuwakankha pa njinga ya odwala, anamuimitsa pakati pa khonde n'kumuuza kuti tayala lakumanzere likufuna girizi, ndipo akapanda kulisamala mwezi sutha.

Maganizo a kagalimotoko anawapezera m'minibasi, pa Limbe. N'kuti atapuma kale pa ntchito, ndipo tsikulo ankaperekeza amayi, apongozi anga aakazi, ku chipatala chachikulu chifukwa cha mawondo. Msewu unadzaza, magalimoto anangoti chilili, osasuntha. Amayi amasimba kuti bambo anapirira kwa kanthawi, kenako anatsika n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa mzerewo, akusuzumira m'mawindo ngati wogulitsa nthochi. Pobwerera ankapuma mofulumira ngati aona ngozi.

"Amake Fanuwelo, mukudziwa chatiimitsa pano? Si anthu ayi, ndi mipando yopanda anthu. Chigalimoto chachikulu ngati nyumba, mkati munthu mmodzi ndi foni yake. Chotsatira chimodzimodzi. Chinacho chimodzimodzi."

"Ndiye inu zikukukhudzani bwanji? Khalani pansi, anthu akutiyang'ana."

Anakhaladi pansi, koma mtima sunakhazikikenso. Patangopita masiku awiri anasesa pakhonde, anaika mipando iwiri moyandikana, n'kupempha amayi kuti akhale pa umodzi atanyamula chikwama cha kumsika pamiyendo. Iwo anakhala pa winawo, n'kundipatsa choko kuti ndijambule mzere pasimenti kuzungulira onse awiri. Ndinajambula. Anadzuka, anayang'ana chozunguliracho nthawi yaitali, n'kunena kuti galimoto ya m'tauni ndi imeneyo, choposa pamenepo ndi matama basi. Ankati opanga magalimoto amayamba ndi injini, munthu n'kudzamusakira malo pambuyo, koma iwo ayamba ndi munthu. Yawoyo isathamange kwambiri, poti m'tauni mulibe kothamangira. Isamwe petulo. Ndipo ikwane paliponse pamene mawilibala awiri angakwane.

Mota anakaipempha kwa manijala wa fakitale. Inali ya kangolo kamagetsi kamene kankanyamula matumba a tiyi, ndipo kanali katafa kalekale, udzu utamera m'matayala. Anamasula waya yense wopsa n'kukulunga watsopano ndi manja, ntchito imene inawatengera dzinja lonse. Matayala anatola a njinga zamoto za kabaza zimene zinachita ngozi. Mafupa a galimotoyo, monga ankawatchulira, anali mapaipi akale othiririra nazale ya tiyi. Zonsezi ankachitira m'chisakasa chimene anamanga kuseri kwa nyumba.

Mkangano waukulu unabwera ndi malata. Ana anali atagula malata oti tifolere khitchini ya amayi, imene inkadontha, ndipo anali kuseri kudikira chilimwe. Tsiku lina amayi pochokera kumunda anapeza atatu atadulidwa kale, akupindidwa kukhala thupi la galimoto. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinalakalaka ndikanakhala kwina.

"Bambo ake a Fanuwelo, mwaiwala kuti pano ndi kwathu? Munabwera pano ndi kasutikesi kamodzi. Tengani zitsulo zanuzi mukapangire galimoto kwa abale anu."

"Ndibweza malatawo."

"Mubweza liti? Mvula idikira galimoto yanu?"

Kwawo sanapite, koma kwa milungu isanu ankadyera m'chisakasa, ndipo awiriwa ankalankhulana kudzera mwa mkazi wanga. Nkhani inafika kwa ankhoswe, anthu a imvi kudzaweruza a imvi anzawo. Amayi anavomera kuti ithe, koma analumbira pamaso pa onse kuti phazi lawo silidzaponda m'chinthu chimenecho. Chomvetsa chisoni n'chakuti malatawo sanathandize n'komwe. Ankalemera, ndipo poyenda ankasokosera ngati matalala padenga. Bambo anawachotsa, anawawongola ndi nyundo, n'kukwera okha pamwamba kukafolera khitchini ija. Mpaka lero denga limenelo lili ndi zigamba.

Chimene chinalowa m'malo mwa malata anachiona pamsana pa amayi othyola tiyi. M'mawa wina anaima pa sikelo kuyang'ana madengu akutsitsidwa, n'kuzindikira kuti dengu la nsungwi n'lopepuka koma limasenza katundu wolemera, limanyowa, limaponyedwa pansi, komabe limatha zaka. Anapalasa njinga mpaka ku Kapichi kwa mnzawo wakale, a Pindani, woluka madengu. A Pindani anaseka mpaka kutsokomola, koma anabwera ndi mpeni wawo, ndipo kwa miyezi iwiri madala awiriwa anakhala akulukira nsungwi pa mapaipi aja, akukangana za kukula kwa mawindo. Atamaliza anamata thupi lonse ndi guluu wolimba uja amamatira mathanki a madzi, n'kulipaka penti yobiriwira. Dzina linachokera kwa anthu odutsa. Ankati a Mukhuna apenga, akufuna kupita ku Blantyre m'dengu. Bambo atamva anatenga penti yoyera n'kulemba kumbuyo ndi zilembo zikuluzikulu: KADENGU.

Mphekesera za misalazo zinafika mpaka ku Joni, kumene mwana wawo woyamba, a Fanuwelo, amagwira ntchito. Alamu angawo anaimba foni mwaulemu ndithu, kunena kuti ngati vuto ndi galimoto, iwo atumiza ina yabwinobwino, bola bambo asiye kuchititsa banja manyazi. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayankha kuti magalimoto a anthu ena awagwira mokwanira, ndipo ikabwera imeneyo adzaimasula n'kutengamo magalasi okha. Sinabwere, ndipo awiriwa anakhala osalankhulana mpaka nthawi yokolola.

Munthu amene anakangana nawo koposa, n'kudzakhalanso mnzawo koposa, anali a Tiyamike. Mayiwa anakulira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, amayi awo anali othyola tiyi, ndipo panthawiyi n'kuti a Tiyamikewo akuphunzitsa za uinjiniya pa sukulu ina ya ukachenjede mu Blantyre. Atabwera kumudzi pa Khirisimasi anamva za dengu loyenda lija, n'kubwera kudzadzionera okha. Nthawi imeneyo Kadengu kanali ndi matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo. Anakazungulira kawiri, anagwada n'kusuzumira pansi, ndipo anayamikira kalukidwe kake ndi mtima wonse. Kenako anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo.

"Koma bambo, pokhota kagudubuzika aka. Mabatire mwawaika m'mwamba, ndiye kutsogolo kuli tayala limodzi lokha."

Nkhope ya bambo inasintha. "Mayi, ine ndinayamba kumasula mainjini inu musanabadwe. Wilibala ili ndi tayala limodzi, munaionapo ikugwa?"

"Wilibala ili ndi munthu woigwira kumbuyo, bambo."

Pochoka sanawaperekeze n'komwe.

Kanagudubuzika mwezi wa Febuluwale, pa kamsewu kotsetsereka ka pakati pa minda ya tiyi, m'mawa dzuwa likuwala, othyola tiyi ataimika ntchito kuti aonerere. Kanatsika bwinobwino, mwakachetechete, anthu akuomba m'manja. Pofika pokhota, tayala limodzi lakumbuyo linanyamuka pang'onopang'ono, Kadengu kanagona chammbali, n'kukunkhulika kawiri kulowa m'tiyi. Anthu anayamba ndi kuseka, kenako anathamanga. Tinawatulutsa phewa litathyoka, magazi akuyenderera pachipumi. Choyamba kufunsa chinali chakuti kodi nsungwi zathyoka. Sizinathyoke, ndipo njira yonse yopita ku kiliniki ankangobwereza zimenezo, akubuula uku akunyadira.

Atatuluka m'chipatala, mkono uli m'nsalu, anandiuza kuti ndiwaimbire a Tiyamike. Ndinawapatsa foni. Ndinali ndisanawamvepo akupepesa munthu. Ngakhale pa nkhani ya malata ija anangoti abweza.

"Mayi, ndine Mukhuna wa ku Khwethemule. Munanena zoona, wolakwa ndine. Ndagwa monga munanenera. Mukapeza mpata bwerani mudzandiphunzitse."

Anabwera Loweruka lotsatira, ndipo anapitiriza kubwerabwera kwa zaka ziwiri. Anamasula Kadengu konse n'kuyambiranso. Matayala anakhala anayi, mabatire anatsikira pansi pa mipando, ndipo a Tiyamike anabweretsa kabokosi kowongolera mphamvu ya magetsi kuti kagalimotoko kasamadumphe ponyamuka. Mabatirewo ankawatchaja ndi sola. Bambo ankamvetsera ngati mwana wa sukulu, akulemba m'kope ndi dzanja lamanzere pamene lamanja linali lisanachire.

Pa chitseko pokha sanagonje. Ankafuna chitseko chimodzi, kutsogolo, chotseguka pamodzi ndi galasi lonse. A Tiyamike ankati n'zosatheka, chiwongolero chitchinga. Bambo anayankha kuti m'tauni magalimoto amaima mothinana, ndipo chitseko cha m'mbali chimafuna malo amene kulibe. Anawonjezera kuti munthu wa mawondo owawa satha kupindika kuti alowe chammbali. Amafunika alowe choimirira, atembenuke, akhale. Anatha masabata atatu akusula chiwongolero chopindika, chopita kumbali chitseko chikatseguka. Chitagwira ntchito, a Tiyamike anatsegula ndi kutseka chitsekocho kangapo, n'kunena kuti ulendo uno wophunzira ndi iwo. Amayi anali pakhonde akusankha nandolo. Za mawondozo anamva ndithu, koma sanadzutse mutu.

Apa n'kuti maso a bambo atayamba kuchita ng'ala. Sankauza munthu, koma kukayamba kuda ndinkawaona akupapasa sipanala imene ili pafupi ndi dzanja lawo. Tsiku lina tili awiriwiri anandiuza osandiyang'ana.

"Akamwini, masana ndikuonabe, koma sindikudziwa kuti mpaka liti. Ndikufuna kameneka ndikakayendetse ndekha mu Limbe. Zongomva kwa anthu ayi."

Mwayi unapezeka pamene sukulu ya a Tiyamike inakonza chionetsero cha zinthu zopangidwa ndi ophunzira komanso anthu wamba. Inatumiza kalata ya chidindo yoitana a Mukhuna, yonena kuti zoonetsa zonse zifike isanakwane twelofu koloko, apo ayi chipata chitsekedwa. Inali nthawi imene mafuta anasowa, magalimoto akukhala pa mizere masiku angapo. Ndinabwereka kalole kwa wamalonda wina wa ku Thekerani, mu thanki muli dizilo amene ndinaganiza kuti atifikitsa. Amayi anati apita nawo, osati chifukwa cha dengulo, koma akaone mwana wawo wotsiriza amene amakhala ku Ndirande. Komabe anavala chitenje chatsopano ndi duku wa ku tchalitchi. Bambo anavala suti yomwe anavala pa ukwati wathu.

Amene anaphonya ndine. Titangolowa mu Limbe injini inatsokomola kawiri n'kuzima, ndipo ndinangokwanitsa kuiserereketsa mpaka m'mbali mwa msewu. Nthawi inali itadutsa teni koloko. Kutsogolo kwathu mzere wa magalimoto odikira mafuta unali utatenga theka la msewu, theka linalo maminibasi akulimbirana. A Tiyamike pafoni anati ayesa kupeza galimoto ina, koma aliyense amene anamuimbira anali pa mzere. Thukuta linandituluka, ndipo sindinathe kuwayang'ana bambo kumaso. Zaka zonse zija n'kudzathera pa dizilo wanga!

Iwo sanandikalipire. Anatsika, anayang'ana msewu uku ndi uku, ndipo ndinaona akumwetulira.

"Akamwini, kodi kagalimoto aka tinapangira chiyani? Kukwera lole? Katsitseni."

Amuna anayi amene ankadikira mafuta ndi zigubu anatithandiza. Matabwa otsitsira sitinawafune n'komwe, tinangokanyamula ngati bedi n'kukaika pa tala. Anthu anayamba kusonkhana. Bambo atatsegula chitseko chakutsogolo chija, gulu lonse linati, "Aaa!" Kenako anavula chipewa n'kuyang'ana amayi, amene anali adakali m'lole, chikwama chili pamiyendo.

"Amake Fanuwelo, ndikudziwa munalumbira, ndipo sindikukakamizani. Koma mpando uwu ndinayezera inu. Zaka zonsezi pakhala thumba la mchenga m'malo mwanu."

Mayi wina wogulitsa mandasi anakuwa ali m'gulu muja, "Kwerani mayi, mukapanda kukwera ndikwera ndine!" Anthu anaseka. Amayi anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pa phewa langa, anafika pa Kadengu, analowa choimirira, anatembenuka, n'kukhala. Anagwiragwira mpandowo uku ndi uku ngati akusankha nsalu pamsika.

"Mukandigwetsa ngati muja munagwera m'tiyi, tikakumananso kwa ankhoswe omwe aja."

"Sindikugwetsani."

"Tiyeni nanga, nthawi ikutha."

Ine ndinasiya lole m'manja mwa mlonda wa sitolo ina n'kukwera kabaza wa njinga yakapalasa kuti ndiwatsate. Zimene ndinaona ndili kumbuyo kwa njinga ija sindidzaiwala. Kadengu kananyamuka popanda phokoso lililonse, n'kulowa pampata wa pakati pa mzere wa mafuta ndi maminibasi, pamene galimoto ina iliyonse ikanasiyapo magalasi. Anthu amene anatopa ndi kudikira anatuluka m'magalimoto mwawo. Ena anakwera pamwamba pa malole kuti aone bwino, mafoni ali m'mwamba. Dalaivala wina wa chigalimoto chachikulu anatulutsa mutu.

"Madala, kamamwa chiyani kameneko?"

Bambo anayankha osachotsa maso pamsewu. "Dzuwa la ku Thyolo!"

Mawuwo anayenda m'mzere monse kuposa kagalimotoko, moti kutsogolo tinkapeza anthu akuwabwereza kale. Amayi ena anayamba nthungululu. Kudzera pa kawindo kakumbuyo ndinkaona duku wa amayi uli chilili, osagwedezeka, ngati wa mkazi wa nduna.

Pa mphambano yaikulu wapolisi wa pamsewu anakweza dzanja, ndipo ndinakumbukira kuti Kadengu kanalibe nambala. Anakazungulira, n'kugogoda nsungwi zija ndi chala.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Galimoto, bwana."

"Mapepala ake?"

Bambo anapereka kalata ija ndi manja awiri. Wapolisiyo anaiwerenga mpaka pa chidindo, kenako anawauza kuti ayende pang'ono n'kuponda mabuleki aone. Kadengu kanaima pomwepo, osaterereka. Anasuzumira mkati.

"Nanga inu mayi, simukuopa mmenemo?"

"Mwana wanga," anatero amayi, "bambowa akonza magalimoto a anthu ena moyo wawo wonse. Aka ndi kawokawo. Kanagwapo kamodzi, anakakonza. Tiloleni tidutse, akutidikira."

Wapolisiyo anapinda kalata n'kubweza. Anawauza kuti ayende chakumphepete, mosathamanga, mpaka pa chipata cha sukulu basi. Kenako anapita pakati pa mphambano, anaimitsa magalimoto a mbali zonse, ndipo Kadengu kakudutsa anaimirira njo n'kuchita sawasha. Wakabaza amene anandinyamula anaseka mpaka tinatsala pang'ono kugwera m'ngalande.

Tinafika mlonda atagwira kale chipata kuti atseke. Mkati malo oimika magalimoto anali atadzaza ndi zigalimoto za alendo olemekezeka, ndipo mlondayo anati malo atha. Bambo analoza kampata kamene kanatsala pakati pa ziwiri mwa izo, kamene munthu wonenepa akanadutsa chammbali. Analowa molunjika mpaka mphuno ya Kadengu inayang'ana khonde la holo, pomwe akuluakulu a sukulu ndi alendo awo anaima. Chitseko chinatseguka kutsogolo, ndipo amayi anangodzuka n'kuponda pakhondepo, pamaso pa anthu onsewo, ngati akutuluka m'nyumba mwawo. M'manja munaombedwa mwamphamvu. A Tiyamike anathamanga kuchokera mkati misozi ili m'maso.

Bambo wina wa suti anafunsa kuti ndi ophunzira a chaka chiti amene apanga chimenechi. A Tiyamike asanayankhe, amayi anakonza duku wawo.

"Apanga ndi amuna anga awa. Sukulu analekezera faifi. Ndipo muyeso wake ndine."

Tsiku lonse bambo anaima pambali pa Kadengu akuyankha mafunso, aphunzitsi a zamakina akugwada pa simenti ndi mathalauza awo abwino kuti aone chiwongolero chopindika chija. Madzulo a Fanuwelo anaimba kuchokera ku Joni, ati aona kanema pafoni, anzawo onse kuntchito amuona, ndipo akuuza aliyense kuti amenewo ndi bambo awo. Tikudikira minibasi ndinawafunsa bambo kuti kayenda bwanji. Anati kayenda bwino. Ndinadikira kuti anene chimene chatsala, koma sananene. Anadzanena mawa lake, ndipo unali mndandanda wautali: hutala ndi yofooka, galasi lilibe chopukutira mvula, mpando wa dalaivala ukufunika kukwezedwa pang'ono.

Sindinama kuti Kadengu kanasintha Blantyre. M'masitolo simudzakapeza, pa chitunda chachitali kamayenda ngati munthu wotopa, ndipo mvula ikalimba kamadontha pakona imodzi. Kanatsala pa sukulu pomwepo, chifukwa bambo anati kwawo kwa kagalimotoko ndi m'tauni, ku Khwethemule kanangobadwirako. A Tiyamike ndi ophunzira awo akupanga kachiwiri, ndipo chitseko achisiya kutsogolo. Bambo anapitako katatu kukaona ntchitoyo. Ulendo womaliza maso anali atatheratu, ndiye ankayendetsa zala pa malo owotcherera, n'kumabweza amene sanawakhutiritse. Ophunzirawo ankawatchula kuti aphunzitsi, iwo n'kumakana, koma pobwerera ankandifunsa ngati ndamva. Anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta mapiri, atadwala chibayo masiku ochepa.

Chisakasa chawo chilipobe kuseri kwa nyumba. Pa thabwa la kukhoma pali misomali m'mizere, ndipo pansi pa msomali uliwonse pali chithunzi cha chida chimene chinkakhalapo, chojambulidwa ndi pensulo, koma zidazo tinagawana. Vayisi yopanira zitsulo yokha ndiyo inatsala, poti anaimangirira pa chitsa cha bulugamu ndi mabawuti amene palibe wakwanitsa kumasula. Mavu amanga pa mtanda wapakati. Chingwe chamagetsi chikulendewerabe kuchokera kudenga, chopanda cholumikizako. Pansi, pa dothi lolimba, pali maenje anayi osaya pomwe matayala ankaima. Chaka chino chimanga chinachuluka, ndipo tinapempha amayi kuti matumba ena tisunge mmenemo, koma anakana. Amasesamo Loweruka lililonse. Njira yachidule yopita kudimba imadutsa m'chisakasamo, kulowera khomo lina kutulukira linalo, ndipo ndaona kuti tonsefe, ngakhale titasenza katundu, pakati paja sitipondapo. Timalambalala.